Kandimverere adakanena za m'maluwa

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi pa Kaphatenga ku Salima, ulendo wa ku Nkhotakota kukazonda mlamu wanga. Msewu wa M5 mukuudziwa, ndi makilomita oposa 100 ndipo sufuna munthu wothamangira mawa. Tisanafike n'komwe pa Khombedza m'galimotomo munabuka mlandu, ndipo gwero lake linali fulashi ya kondakitala.

Mnyamatayo anali ataika amapiano, ija ya mabesi ogunda pachifuwa ngati wina akusinja kuseri kwa khoma. Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga, nkhuku ili pamiyendo, anapirira pang'ono kenaka n'kuphulika.

"Mwanawe, tatsitsa phokosolo! Kodi imeneyi ndi nyimbo kapena injini yaonongeka?"

Tonse tinafa nacho chikhakhali. Kondakitala anayankha mwaulemu ndithu: "Amayi, izitu ndiye zili m'fasho. Nanga ndikuikireni chani?"

"Ika kwaya."

Anaika kwaya. Ndime yoyamba isanathe, anyamata awiri a kumpando wakumbuyo anayamba kung'ung'udza: "Aaa, akondakitala, kodi tikuperekeza maliro?" Dalaivala, bambo wa imvi zake, anati onsewo sadziwa nyimbo, n'kuika country. Apo ndiye aliyense anadandaula, mayi uja ndi anyamata aja n'kukhala mbali imodzi. Pofika pa Benga wailesi inali itazimitsidwa, ndipo mlatho wa pa Chia tinawoloka tikumvera nkhuku.

Ndakhala ndikuganizira ulendo umenewu. M'minibasi muja munalira nyimbo za mitundu itatu, iliyonse ili ndi mwini wake woikonda, koma panalibe imene inapatsidwa ngakhale mphindi ziwiri. Aliyense anatchula ya mnzake kuti phokoso. Ine ndikuti mawu akuti phokosowa timawagwiritsa ntchito mwaulesi. Kawirikawiri tikati phokoso timatanthauza nyimbo imene khutu lathu silinaiphunzire, ndipo munthu amene wasiya kuphunzitsa khutu lake akudzimana yekha chuma chimene chili pakhomo.

Ndisaloze ena chala ngati ndine woyera. Ine ndinakulira pa makaseti a ku Balaka ndi reggae ya ku Chileka, ndipo kwa zaka zambiri ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti nyimbo m'dziko muno zinatha mu 2001 pamene Evison Matafale anatisiya. Zotuluka pambuyo pake ndinkati ndi za ana. Ndinkanena izi monyadira, ngati kusamva zatsopano ndi ukulu.

Chimene chinandigwedeza n'kukumbukira kumene nyimbo zimene timazitcha zathuzi zinachokera. Tengani mganda umene timavina kuno kuchigawo chapakati, malipenga a Atonga kapena beni ya Ayao. Lero timaika magule amenewa patsogolo pakabwera alendo, n'kumati ichi ndi chikhalidwe cha makolo. N'zoona ndi chathu. Koma penyetsetsani makabudula oyera aja, masokosi ofika m'maondo, kufola pamzere, wina kumutcha kingi, gulu lonse kulitcha boma. Zimenezi ndi perete wa asilikali. Beni inayambira m'matauni a Aswahili kugombe la nyanja ya mchere, dzina lake lomwe likuchokera ku mawu akuti bandi, ndipo inafalikira kuno ndi amuna amene anapita kunkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anamva malipenga a mkuwa, analibe ndalama zowagulira, anaboola zipanda n'kumata kanembanemba pakamwa pake, zinalira. Ndikhulupirira kuti tsiku loyamba limene zipandazo zinalira pabwalo, panali gogo wina amene anati, "Tatsitsani phokosolo."

Chimodzimodzi kwela. Inabadwira m'makomboni a ku South Africa m'zaka za m'ma 1950, anyamata akuliza kachitoliro kachitsulo m'misewu. Azigogo athu opita ku Joni pa Wenela ndi ena okagwira ntchito ku Salisbury ankabwerako ndi jekete, njinga, galamafoni ndi zimbale. Ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba anaimva, anaikhazika pagitala ndi chitoliro mwa njira yawoyawo, mpaka katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, atawamva mu 1967 sanawasiyenso, ndipo patapita zaka abale awiriwo anakaimba ku Ulaya. Reggae imene ine ndinkailumbirira ndi ya ku Jamaica. Rhumba imene timavina paukwati ndi ya ku Congo, koma nawonso a ku Congo anaitola m'zimbale za ku Cuba, ndipo a ku Cuba ng'oma zake anazilandira kwa akapolo ochokera kuno ku Africa. Nyimbo inawoloka nyanja ili m'maunyolo n'kubwerera kwawo itavala suti, ndipo mu 2021 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pankhani ya nyimbo, mitu yathu yonse inametedwa ndi malumo a alendo.

Ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kuzidziwa bwino izi kuposa ena. Nkhotakota wakhala khomo la alendo kuyambira kale. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840 anabweretsa malonda oipitsitsa ogulitsa anthu, ndipo palibe chowayeretsa. Koma zombo zomwezo zinabweretsanso Chisilamu, mawu a Chiswahili ndi kaimbidwe ka kugombe. Chipoka ndi doko, Salima ndi mphambano ya msewu ndi njanji. Anthu a pamphambano kukhala ndi khutu lotseka n'zodabwitsa.

Nanga chatitseka makutu n'chiyani, pamene nyimbo zachuluka kuposa kale lonse? Ndili mnyamata, nyimbo yatsopano inkabwera ndi wailesi ya MBC. Sunkasankha. Ukafuna kumva gulu lako lapamtima unkayenera kudutsa kaye m'nyimbo za banjo, za bangwe, za kwaya ya mpingo umene si wako, za kalindula wa ku Zambia, za sungura wa ku Zimbabwe. Tinkadandaula, koma khutu linkadya zakasinthasintha mosafuna. Mpaka lero ndimatha kuimba nyimbo zimene panthawiyo ndinkati sindizikonda.

Lero nyimbo timakabenetsa. Pa Kamuzu Road kuno ku Salima pali tizipinda tambiri ta anyamata a makompyuta, sipika ili pakhomo ikulira mpaka malata kunjenjemera. Umapereka memore kadi ndi kangachepe, iye n'kufunsa, "Tiike zotani, bwana?" Ambiri timayankha kuti, "Ika zimene zikugunda." Mnyamatayo ali ndi foda imodzi imene amakhuthulira aliyense. Wakabaza, wogulitsa tchipisi, mphunzitsi, msodzi wa ku Senga Bay, tonse tikuyenda ndi foda yomweyo m'thumba, n'chifukwa chake ukayenda kuchokera pamsika kukafika kudepoti umamva nyimbo imodzi kasanu. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Pakatha milungu itatu nyimboyo yatikola, tayamba kudikira ina yofanana nayo.

Amene ali ndi foni zamakono asadzione ngati apulumuka. YouTube, TikTok ndi Spotify zimagwira ntchito ya mnyamata yemweyu, kungoti zilibe nkhope. Zimayang'ana chimene wamvera dzulo, chimene wadumpha, pamene unaimitsa, n'kukubweretsera chofanana nacho, chifukwa cholinga chake n'choti usachoke. Ukamvera kwaya katatu, mawa udzapeza makwaya ali ndandanda. Ukadumpha nyimbo yachilendo isanathe masekondi khumi, makinawo amalemba kuti uyu zoterezi safuna, ndipo sadzakuvutitsanso nazo. Timaganiza kuti tikusankha tokha pamene tatuma wina kukatimverera. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ine ndinayesa china. Tsiku lina ndinapita kwa mnyamata amene ndimabenetsako n'kumuuza kuti, "Lero undiikire zimene anthu sakufunsa."

Anandiyang'ana ngati ndamwa. "Madala, zimenezo ndiye ziti?"

"Zomwe zili m'kompyutamo koma palibe akuzitenga."

Anakanda mutu, anafufuza, kenaka anayamba kuseka yekha. Munali foda imene anasiya mkulu wake, ina imene anakopera kwa dalaivala wa thiraki wa ku Tanzania, ina yopanda dzina n'komwe. Ndinabwerera kunyumba ndi taarab ya ku Zanzibar, magitala a ku Mali, jazi wopanda mawu, nyimbo za Chihindi, ndi zina za achinyamata a konkuno amene sindinawamvepo pawailesi iliyonse. Pondipatsa kadiyo anati, "Mukadana nazo musabwere kudzandikalipira." Sindinamukalipire, ngakhale theka la zimenezo ndinafufuta. Theka linalo ndi limene likundisunga madzulo ano.

Pamenepa mpamene ndinaphunzira kuti khutu lili ngati lilime. Munthu wa kumtunda, wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, mukamuikira kondowole koyamba amayamba wakwinya mphuno. Fungo la chinangwa choviika limamubweza, nsimayo imakanirira m'zala, sadziwa ndi poyambira kutema mbamu. Mumpatse miyezi itatu, usipa wofutsa uli pambali, mudzamumva akudandaula kuti ya mgaiwa sakukhuta nayo. Kondowole sanasinthe. Munthuyo wadziwa pogwira.

Nyimbo iliyonse ili ndi pogwirira pake, ndipo pogwirirapo sipafanana. Ichi ndicho ambiri timalakwitsa. Timapita ku nyimbo yachilendo ndi muyeso wa nyimbo yathu. Wokonda reggae ya uthenga amafunsa kuti mawu ake akuti chiyani, ndiye akapeza kuti amapiano ikubwereza mawu atatu kwa mphindi zisanu ndi ziwiri amati ndi yopanda nzeru. Mphwanga wina amene amaphunzira ku Lilongwe ndiye anandimasula. Anati, "Ankolo, inu mukudikira woimba. Woimba wake ndi besiyo." Ndinamveranso. Nyimboyo imayamba ndi tizisekese tokhatokha, imakuchedwetsa dala, imaonjezera kamodzikamodzi, ndipo besi ija amaitcha log drum ikalowa imayankhulana ndi zinazo monga ng'oma ya mbalule imachitira pagule, kulankhula pamene zinzake zikusunga mayendedwe. Munthu amene anaimapo pabwalo la gule wamkulu sayenera kuvutika kumva zimenezi. Ine ndinavutika chifukwa ndinali nditagamula kale mlandu.

Taarab nayo ili ndi pake. Ndi yaulesi poyenda, mawu a woimba amapindika ngati utsi, ndipo poyamba ndinkaona ngati ikuchedwa kufika pamene ikupita. Kenaka ndinazindikira kuti kupindika kwa mawu kotereku ndakhala ndikukumva moyo wanga wonse m'bandakucha kuchokera kumzikiti. Country imene tinaikana m'minibasi ija, pogwirira pake ndi nthano: munthu wasiyidwa, munthu wasowa kwawo, munthu akukumbuka amake. N'chifukwa chake madalaivala a maulendo ataliatali ndi azibambo a m'ma 1970 anamukonda Jim Reeves ndi Don Williams ngakhale ena Chingerezi chinali chongotola. Ankamva chisoni chake.

Tsono ndinadziikira lamulo: nyimbo yachilendo ndiimva katatu, masiku osiyana, ndisanaiweruze. Koyamba khutu limangodabwa. Kachiwiri limayamba kuzindikira pamene nyimboyo ikhotere. Kachitatu mpamene ndimadziwa ngati ndi yanga kapena ayi. Zambiri zimagwa ndithu, ndipo sindichita nazo manyazi. Sindikunena kuti nyimbo zonse n'zabwino. Zoipa zilipo zambirimbiri, m'mtundu uliwonse, kwaya yomwe. Koma kukana nyimbo utaimva n'kosiyana ndi kukana mtundu wonse usanaulawe.

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba adzati nyimbo zakunja zikupha zathu, ndiye iwe ukutiuzanso kuti tizithamangira za ku Mali? Dandauloli lili ndi mutu. Woimba wa kuno amalipira situdiyo ndi ndalama zake, nyimbo yake imabenedwa m'tizipinda tija, ndipo chimene chimafika m'thumba mwake n'chochepa, ngakhale bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za oimba kuyambira 1992. Mawailesi athu, kuphatikizapo a m'madera ngati ya Nkhotakota Community Radio, ali ndi udindo wopereka mpata kwa oimba a kwawo. Pamenepo tikugwirizana. Koma chimene chikufooketsa nyimbo zathu kwenikweni ndi khutu lopapatiza lomweli. Nyimbo imodzi ikagunda, oimba makumi asanu amathamangira kwa wojambula yemweyo kukapempha chiwamba chomwecho, chifukwa akudziwa kuti ife omvera tikufuna chofanana ndi chadzulo. Woimba amene akuyesa zachilendo amafa ndi njala. Omvera ozolowera kulawa ndi amene amapatsa woimba mtima woyesa. Alleluya Band itayamba ku Balaka mu 1978 sinatseke makutu kuti isamve zakunja. Inamva, inasakaniza, ndipo panatuluka kaimbidwe kamene dziko lonse linakatcha ka ku Balaka.

Ena adzati nyimbo zamakonozi n'zolaula, zikuononga ana. Zilipo zotero, ndipo kwanga sizilira. Koma kulaula kuli m'mawu a nyimbo imeneyo, sikuli m'ng'oma. Chiwamba chomwecho cha amapiano achinyamata a m'mipingo akuimbira Mulungu, monga anachitira ndi reggae ndi manganje. Komanso tisanamizire kuti makolo athu ankangoimba zoyera. Amene anamvapo nyimbo za pamtondo, mayi akudandaula za mwamuna wake mtondo ukugunda, akudziwa kuti mawu akuthwa sanabwere ndi foni.

Dandaulo lachitatu ndi la bandulo, ndipo ili ndi lovuta kulitsutsa. Munthu amene wagula kabandulo ka tsiku limodzi sangakamwaze pa nyimbo imene sakuidziwa. Zoona. Koma nyimbo yatsopano siili pa intaneti pokha, ndipo apa mpamene pali mtima wa nkhani yanga. Chatsopano ndi chimene iwe sunachimve, ngakhale chikhale cha zaka 100, ngakhale chikhale kuseri kwa nyumba yako.

Ndi angati a ife a pa Salima boma amene tinadzukapo m'mamawa kupita kugombe kukamva asodzi akukoka khoka? Mmodzi amadula, ena amayankha, ndipo kuyankhako kumagwera pamene manja onse akukoka chingwe. Nyimboyo ndi chida chogwirira ntchito ngati nkhafi. Ndi Akhristu angati a ku Nkhotakota amene anaimapo mwaulemu chapatali n'kumvetsera sikiri ya anansi awo a Chisilamu, amuna akupuma pamodzi mokoka mpweya mpaka kupumako kusanduka ng'oma? Si gule wosangalatsa alendo, ndi pemphero, koma khutu laulemu silibwezedwa. Ndi ana athu angati amene anamvapo chioda cha amayi, kapena bangwe akulira? M'zaka za m'ma 1950 wofufuza za nyimbo Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku South Africa mpaka lero. Mzungu anawoloka malire kudzamva zimene ife timadutsa osatembenuka.

Timadikira kuti akunja atiuze. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anaimba ndi gitala lake zaka zambirimbiri achinyamata akumuona ngati wa kalekale. Patience Namadingo atajambula naye mu 2020, nyimbo imene anajambulayo n'kufalikira pa TikTok mpaka maiko akutali, mpamene ana athu anayamba kufunsa kuti agogo amenewa anali kuti. Anali pompano. Madalitso Band inkaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wa chingwe chimodzi anthu akungodutsa, koma itakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 zitseko za ku Ulaya zinatseguka, ndipo ife tinayamba kunena kuti ndi athu. Sitinawamve tokha. Anatimverera ena.

Mwayi winanso umabwera wokha pagombe pathu. Sand Music Festival, imene anayambitsa malemu Lucius Banda, yachitikira ku Senga Bay kangapo. Lake of Stars inali ku Salima mu 2018 ndipo mu 2024 inali ku Nkhotakota. Si onse angakwanitse tikiti, ndikudziwa. Koma amene amalowa, ambiri amakhala kumowa mpaka woimba amene akumudziwa akwere, ndipo gulu lachilendo la masana limaimbira mchenga. Amenewo alipira ndalama zambiri kuti akamve foda yawo ija ili moyo. Ine ndikapezeka kumalo otere ndimapita dala kwa amene dzina lake sindikulidziwa, chifukwa wodziwikayo ndimumvanso mawa m'minibasi.

Zina sizifuna ndalama n'komwe. Kusinthana mafoni ndi mwana wako madzulo amodzi, iye amve zako, iwe umve zake, popanda wonyoza. Kupempha mnzako wa kuntchito wochokera ku Karonga kapena ku Nsanje kuti akuponyere zisanu za kwawo. Kusiya wailesi pa siteshoni imene sumatsegula. Mayi a kunyumba kwanga poyamba ankati kadi yanga ija ndi ya amisala, ndipo ikalira ankatseka chitseko cha kukhitchini. Sabata yathayi ndinawapeza akusankha mpunga akung'ung'uza nyimbo ya ku Mali ija, mawu ake atawasandutsa Chichewa cha iwo eni. Nditawafunsa anakana kwamtuwagalu kuti sinali imeneyo.

Imodzi yokha ndiye yandikanika. M'foda ya dalaivala wa thiraki uja munali singeli ya ku Dar es Salaam, yothamanga ngati kaseti imene yakodwa m'wailesi. Ndaimva katatu monga mwa lamulo langa, ndaonjezera kachinayi mwa chisomo, koma mutu umangowawa. Nditamuuza mphwanga uja pafoni anaseka mpaka kutsokomola.

"Ankolo, mwaimva muli pati?"

"Pampando, pakhonde."

"Ndiye vuto lake limenelo. Imeneyo samvera chokhala. Musaifufute, ndikubwera Loweruka."